Ana a kuseri kwa msika ku Mulanje: amakhala bwanji, ndipo chimawagwiriziza n'chiyani?

Minibasi yochokera ku Limbe ikangoima pa Chitakale, kondakitala asanatsegule n'chitseko chomwe, mazenera amakhala atatsekeka kale ndi mabeseni. Nthochi, zinanazi, mandasi a m'ndowa, madzi ozizira a m'timapepala, mazira owiritsa ndi kabotolo kake ka mchere wosakaniza ndi tsabola. Mukasuzumira kuti muone amene asenza mabeseniwo, mupeza kuti ambiri ndi ana. "Anti, gulaniko nthochi." "Ankolo, dzira lotentha ili." Galimoto ikanyamuka, kamwana kena kamathamanga nayo m'mbali, dzanja lili m'mwamba, chifukwa wina walandira dzira koma akadapisapisa m'thumba.

Kenako msewu umakhota, phiri n'kuonekera lonse, tiyi ali biriwiri mpaka m'tsinde mwake. Apaulendo amatulutsa mafoni n'kuyamba kujambula, ana aja n'kuiwalika.

Anthu akamakamba za ana osauka a m'tauni, maganizo amathamangira ku Ndirande, ku Mbayani kapena ku Mtandire, ndi kwa ana masikini opempha m'misewu ya Limbe. Akamakamba za Mulanje ndi Thyolo, amaganiza za kumudzi, za khasu ndi nkhokwe. Koma pakati pa ziwirizi pali ana ena ambiri amene akukulira m'timanyumba ta lendi kuseri kwa misika ya Chitakale, Limbuli, Luchenza, Bvumbwe ndi pa maboma awiriwa. Ana amenewa sali mumzinda, komanso kumudzi anachokako. Mavuto awo ambiri amayambira pomwepo, chifukwa thandizo lokonzedwera alimi limawadumpha, ndipo lokonzedwera anthu a m'mizinda siliwafikira.

Anafika bwanji kuseri kwa msika?

Yankho lake ndi malo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 680,000 m'boma la Mulanje ndi oposa 720,000 m'boma la Thyolo. Ku Thyolo, pa sikweya kilomita imodzi pamakhala anthu oposa 400, pamene dziko lonse likawerengedwa pamodzi ndi 186. Komatu powerenga choncho aphatikizamo malo amene munthu wamba sangalimepo: phiri, nkhalango ndi minda ya makampani. Mukachotsa zimenezo, potsalapo anthu athithikana ngati nsomba m'dengu.

Zinayamba kale. Mu 1891 mzungu wina dzina lake Henry Brown anadzala tiyi ku Mulanje, ndipo m'zaka zotsatira malo aakulu achonde m'maboma awiriwa anakhala a atsamunda. Nthawi yomweyo Alomwe ambiri ankalowa kuchokera ku Mozambique, kuthawa nkhanza ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Atafika kuno anapeza malo ali ndi eni ake atsopano, ndipo kuti munthu aloledwe kumanga kanyumba ndi kulima kamunda, ankayenera kugwirira ntchito mwini esiteti. Ndiye thangata uja, umodzi mwa mikwingwirima imene inautsa John Chilembwe mu 1915. Thangata anatha chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, koma malire a minda sanasunthe kwenikweni. Makampani ngati Lujeri ndi Eastern Produce ku Mulanje, kapena Satemwa ndi Makandi ku Thyolo, akulimabe tiyi, ena awonjezerapo makadamiya, ndipo midzi ili m'mphepete mwa minda yawoyo.

Kuno ukwati wambiri ndi wachikamwini, ndipo munda umachoka kwa mayi kupita kwa ana ake aakazi. Kamunda kamene agogo ankakolola nkhokwe yodzaza kanagawidwa patatu, kenako pasanu, mpaka mdzukulu wamasiku ano amalandira mizere yoti akhoza kuiwerenga ali chilili. Boma linayesapo kupungula anthu kudzera mu ndondomeko ya Kudzigulira Malo, imene inayamba mu 2004 ndi thandizo la World Bank n'kusamutsa mabanja pafupifupi 15,000, ena mwa iwo ochokera ku Thyolo ndi Mulanje, kupita kumaboma ngati Machinga ndi Mangochi. Anapita anapita, koma otsala ndiwo ambiri, ndipo akuberekana. Nchifukwa chake nkhani ya malo siizirala kuno, ndipo pamene Vincent Wandale ndi gulu lake la People's Land Organisation ankanena kuti minda ya makampani ibwerere kwa anthu, sanasowe omumvera.

Tsono mayi wachitsikana amene alibe polima, mwamuna wanyamula kachikwama kake n'kubwerera kwawo kapena walowera ku Joni osatumiza kanthu, amatani? Amatsikira pamene pali ndalama zoyendayenda, pa msika. Amapeza chipinda chimodzi cha lendi, n'kuyamba ganyu, geni kapena kutchola tiyi. Ana amapita naye. Malume awo, amene mwamwambo ndiye mwini mbumba woyenera kuwayang'anira, amatsala kumudzi ndi mavuto akeake.

Nyumba yopanda nkhokwe

Kusiyana kwakukulu kwa mwana wosauka wa kumudzi ndi wa pa Chitakale n'kwakuti wa pa Chitakale chilichonse chimene amadya n'chogula. Kumudzi, zinthu zikavuta, pali chinangwa kuseri kwa nyumba, pali nandolo, pali chisoso ndi bonongwe zomera zokha, mwinanso makaka amene agogo anayanika padenga. Kuseri kwa msika kulibe zimenezo. Ufa ndi wa wokumani, kajumbo kokwana nsima imodzi. Mafuta ophikira ndi a m'kachubu. Makala ndi a kamulu, madzi ndi a pa kiyosiki kapena pa mpopi wa munthu amene amalipiritsa pa ndowa. Ndipo aliyense amene anagulapo motere amadziwa kuti kugula pang'onopang'ono n'kodula kuposa kugula thumba lathunthu. Wosauka amalipira zambiri pa chinthu chomwecho kusiyana ndi wolemera.

Nkhani ya madziyi imawawa pang'ono ukaiganizira. Phiri la Mulanje limatulutsa mitsinje ya Ruo, Lichenya, Thuchila ndi Likhubula, ndipo mapaipi a Blantyre Water Board amatenga madzi a Likhubula kupita nawo ku Nguludi kuti akamwe anthu a mumzinda. Koma m'tsinde mwa phiri lomwelo muli ana amene ntchito yawo yoyamba m'mawa n'kukaima pamzere ndi zigubu, ndipo ndalama ikasowa amatsikira kumtsinje. Kumene mabanja angapo akugwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi chokumba, mvula ikagwa zonse zimasakanikirana. Kolera amene anabuka mu Malichi 2022, woopsa kwambiri m'mbiri ya dziko lino, anapha anthu oposa 1,700, ndipo malo othithikana ngati amenewa ndi amene matenda otere amawakonda.

Pamwamba pa zonse pali lendi. Landilodi sadziwa kuti mwana wadwala. Mwezi ukatha amabwera, ukatha wachiwiri amabwera ndi mawu, wachitatu ena amangozula chitseko n'kupita nacho. Banja limasamuka usiku, katundu ali pamutu, kupita ku chipinda china chotsika mtengo kutali ndi sukulu. Mwana amene wasamuka katatu m'chaka chimodzi, ngakhale atakhala wanzeru chotani, mayeso amamuvuta.

Ndiye pali kalendala ya tiyi, imene anthu akutali saidziwa koma ndi imene imalamulira mphika wa m'nyumba zambiri kuno. Tiyi amaphukira kwambiri nthawi ya dzinja, kuyambira cha mu Disembala mpaka cha mu Epulo, ndipo apo ndi pamene makampani amalemba anthu ambiri otchola. Mvula ikatha masamba amachepa, ntchito n'kuchepanso, ndipo olembedwa mwa nyengo amauzidwa kuti adikire. Onani m'mene zimakhalira. Miyezi imene mayi ali ndi malipiro ndi yomwe chimanga chakwera mtengo kwambiri, Januwale ndi Febuluwale, ndiye ndalama ya fotinaiti imathera pa ufa ndi kubweza ngongole za pa okala. Miyezi imene chimanga chatsika, anthu akumudzi akukolola, iye ntchito alibe. Ndipo si otchola okha amene amamva kuwawa. Wa kabaza, wometa, wokazinga tchipisi pa chiwaya, mayi wogulitsa thobwa, onse amadikira tsiku la malipiro a ku esiteti. Tsiku limenelo msika umawira, ndipo ngakhale mwana wa mazira amadziwa kuti lero aphike owonjezera.

Kugwa kwa kwacha kunangowonjezera moto. Mu Meyi 2022 ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Mlimi amene ali ndi chimanga m'nyumba anamva ululuwo pogula sopo ndi feteleza. Wa m'chipinda cha lendi anaumva pa chilichonse, tsiku lomwelo. Zotsatira zake zimaoneka pa matupi a ana. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'dziko muno ndi opinimbira, ndipo kupinimbira sikubwera ndi njala ya tsiku limodzi ayi, kumabwera ndi nsima ya madzi a bonya tsiku ndi tsiku.

Tiyerekeze mtsikana wa zaka 12, wa sitandade 5, mayi ake otchola tiyi. Mayi amadzuka kusanache, amamanga pulasitiki m'chiuno kuteteza mame, n'kuuyamba ulendo wapansi kuti kapitawo akamaitana mayina akhale afika. Kuyambira pamenepo mayi wa pakhomo ndi mtsikanayu. Akoleza mbaula, atenthetsa mkute ngati ulipo, asambitsa mng'ono wake, akamusiya kwa anansi kapena ku sukulu ya mkombaphala ngati ili pafupi, ndipo iye amathamangira ku sukulu, nthawi zambiri belu litalira kale. Mwezi wa Juni chiperoni chikatsika, kamvula kowaza kaja ndi mphepo yake yolowa m'mafupa, amapita atafunda chitenje cha mayi ake pamwamba pa yunifolomu. Akaweruka savula n'kuvula komwe, amangomanga chitenje, beseni pamutu, ulendo wa pa siteji. Amadziwa kuwerengera chenji mwachangu kuposa m'mene amachitira masamu m'kalasi. Amadziwa minibasi imene imaima nthawi yaitali, nkhope ya munthu wogula ndi ya wongofunsa mtengo, ndiponso bambo amene sayenera kumuyandikira kukada ngakhale atanena kuti agula beseni lonse.

Malamulo alipo, ana ali pa msewu

Malamulo oteteza ana m'dziko muno ndi abwino ndithu ukamawawerenga. Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndiponso kupatsa wosakwana zaka 18 ntchito yoika moyo kapena maphunziro ake pachiswe. Mu 2010 kunabwera lamulo losamalira ndi kuteteza ana. La maphunziro la 2013 limati mwana aliyense ayenera kupita ku pulayimale, si nkhani yofuna kapena kusafuna. Mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti mwana akhale aliyense wosakwana zaka 18, ndipo ukwati wa munthu wosafika msinkhu umenewo ndi woletsedwa.

Makampani aakulu a tiyi amagulitsa kunja, ndipo ogula awo amafuna ziphaso za mabungwe ngati Rainforest Alliance ndi Fairtrade, amene amabwera kudzayendera. Choncho masiku ano si m'minda ya makampaniwo m'mene mungayembekezere kupeza ana ali pa ntchito. Koma kufunika kwa ndalama ya mwana pakhomo sikunathe, kunangosamukira kumene kulibe woyendera. Ana ali pa siteji ndi mabeseni. Ali m'mitsinje kuwola mchenga, ali m'mbali mwa msewu kuswa miyala. Ali m'phiri kutola nkhuni ndi kusenza makala, kuthawana ndi alonda a zankhalango, m'phiri lomwe mkungudza wake watsala pang'ono kutheratu. Pa Limbuli, kumene chimanga chimalowa pa njinga kuchokera ku Mozambique, anyamata amakankha njinga zolemedwa ndi matumba, ena amawoloka pa Muloza kukalima ganyu m'minda ya kutsidya kwa Milange, malipiro ake chimanga kapena chinangwa.

Ndipo pali atsikana amene amangosowa m'kalasi, anzawo n'kumati anapita ku tauni. Tisanamizane, m'nyumba zambiri za ku Blantyre mtsikana wantchito ndi wochokera ku Mulanje kapena ku Thyolo. Amabwera anti wina wovala bwino, n'kuuza mayi kuti, "Mundipatse mwanayu ndizikakhala naye, ndikamulowetsa sukulu." Mayi amene dzulo anagona ndi njala amavomera, pakamwa pamodzi pachepa. Ena amakalowadi sukulu, tisawaiwale anthu abwinowo. Koma ambiri amakalera ana a eni nyumba, iwonso ali ana.

Woyendera za ntchito sangalowe m'khitchini ya munthu aliyense, ndipo wapolisi akathamangitsa mwana pa siteji, pakhomo pagonedwa ndi njala. Mwana akagwidwa ndi mlandu, lamulo limati asasakanizidwe ndi akaidi akuluakulu, ndipo kuli malo osinthira khalidwe ku Mpemba ndi ku Chilwa, komanso ndende ya achinyamata ku Bvumbwe. Kale apolisi ankangosesa aliyense wopezeka kunja usiku pa mlandu wa vakabu. Mu 2017 khoti lalikulu linagamula, pa mlandu wa wogulitsa majumbo wina wa ku Blantyre, Mayeso Gwanda, kuti gawo la lamulo limene ankamangira anthu moteroli likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Chigamulocho chinateteza aliyense amene umphawi umamudzutsa usiku, kuphatikizapo ana ogulitsa malonda.

Sukulu, ndi kapu ya phala

Bakili Muluzi atachotsa fizi ya ku pulayimale mu 1994, ana olembetsa anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa oposa 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chitseko chinatseguka, koma zipinda ndi aphunzitsi sizinachuluke mofanana, ndipo mpaka lero m'masukulu a m'matauni ang'onoang'ono sitandade 1 imakhala nyanja ya mitu, ena pansi pa mtengo. Ulere wake unalinso ndi malire: yunifolomu, makope, zolembera ndi tindalama tina ndi tina timene makomiti a sukulu akhala akutolera. Mwana wa geni sasiya sukulu tsiku limodzi. Amayamba kujomba tsiku la msika, kenako tsiku la malipiro a ku esiteti, kenako sabata yonse mayi akadwala. Akalephera mayeso amabwereza, akabwereza kawiri amapezeka ndi wamkulu m'kalasi ya tiana, manyazi n'kumugwira. Pofika sitandade 8, m'kalasi muja munali nyanja mumatsala anthu oti mphunzitsi amawadziwa mayina onse.

Kwa atsikana palinso msampha wina. Tauni yaing'ono ya m'mbali mwa msewu waukulu imakhala ndi madalaivala, ogula mbewu, a kabaza wa njinga zamoto, anthu okhala ndi kandalama m'thumba tsiku lililonse. Mtsikana wanjala amene akufuna sopo ndi mafuta odzola savuta kumunyengerera. Kuyambira mu 1993 boma limalola mtsikana amene wabereka kubwerera ku sukulu, ndipo magulu a amayi a m'masukulu amayesetsa kuwalondola. Funso limene limawagonjetsa ndi loti khandalo atsala nalo ndani, popeza agogo ake ali m'munda wa tiyi.

Chinthu chimodzi chimene ndachiona chikukoka ana kuposa chikwapu ndi phala. Bungwe la Mary's Meals linayamba mu 2002 kudyetsa ana 200 okha m'dziko muno, ndipo lero phala la likuni limaphikidwa m'masukulu ambiri, ena ndi thandizo la bungweli, ena la World Food Programme kapena la boma. Ophika ake ndi amayi a m'deralo, ongodzipereka, amene amadzuka usiku kukakoleza moto pansi pa miphika ikuluikulu. Amene sanagonepo ndi njala amaona ngati kapu ya phala n'chinthu chochepa. Kwa mwana wa m'chipinda cha lendi, ndicho chakudya chokhacho chimene sichidalira kuti dzulo geni inayenda bwanji. Pa holide ana ena amaonda.

Sitingakambe za ana a kuno osatchula Edzi. Mulanje ndi Thyolo ndi ena mwa maboma amene kachilombo ka HIV kanafala kwambiri, ndipo m'zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa 2000 maliro anatenga makolo ambiri, ana n'kutsalira agogo. Koma kunonso ndi kumene zinthu zina zinayambira kusintha. Madokotala a Médecins Sans Frontières anayamba kugwira ntchito ku Thyolo mu 1997, ndipo mu 2003 anayamba kupereka ma ARV, kuonetsa kuti mankhwalawa akhoza kuperekedwa ngakhale m'zipatala zing'onozing'ono za kumidzi. Mu 2011 Malawi linakhala dziko loyamba kuika mayi aliyense woyembekezera amene ali ndi kachilombo pa mankhwala a moyo wake wonse, ndipo ana obadwa nako anachepa kwambiri. Amene anabadwa nako kale, lero ndi anyamata ndi atsikana. M'zipatala zambiri muli magulu awo otchedwa Teen Club, okumana Loweruka kuti asajombe ku sukulu, kumene amalandira mankhwala, kusewera ndi kulimbikitsana. Vuto lawo ndi lomwe lija: mankhwala amafuna m'mimba muli kanthu, ndipo m'chipinda chimodzi chogona anthu asanu, kubisa botolo kwa anansi si ntchito yamasewera.

Kenako kunabwera Freddy. Mu Malichi 2023 mvula inagwa masiku angapo osalekeza, phiri linakhuta madzi n'kutsitsa matope ndi miyala. Akuluakulu anati ndi napolo, ngati uja wa ku Phalombe mu 1991. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa osapezekanso, ndipo oposa 500,000 anasowa pokhala. Mulanje linali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri, makamaka chakum'mawa kwa phiri, dera la Muloza. Sukulu zinatsekedwa, zambiri n'kusanduka misasa ya anthu othawa madzi. Chimene sichikambidwa kawirikawiri n'chakuti namondwe ngati ameneyu amathamangitsira anthu ku tauni. Banja limene munda wake wakwiririka ndi mchenga ndi miyala lilibe chobwerera kumudzi, ndiye limakafuna chipinda kuseri kwa msika, ndipo nyumba zikagwa zambiri lendi ya zotsalazo imakwera.

Kupirira kumene timakutamaku

Alendo a mabungwe akabwera amadabwa kuona ana akuseka. Amalemba m'malipoti awo kuti ana a kuno ndi opirira, olimba mtima. Sakunama. Pitani pa bwalo lililonse madzulo muone mpira wachikulunga. Mnyamata amatola majumbo otayidwa pa msika, amawakulunga mwamphamvu, akunja amawawambako pang'ono pamoto kuti agwirane, kenako amaluka chingwe mozungulira ngati ukonde mpaka mpirawo uzidunda. Magolo ndi miyala iwiri, oweruza palibe, koma malamulo onse amadziwika. Chapafupi atsikana ali pa fulaye, wapakati akuzinda mpira uku akudzaza mchenga m'botolo, khanda la mayi ake waligoneka pa chitenje pamthunzi. Wina wapanga galimoto ya mawaya yokhota ndi chiwongolero chachitali, matayala ake zitsekerero za mabotolo. Si pachabe kuti m'kalasi iliyonse simulephera kupeza Pilirani ndi Limbikani.

Koma mawu akuti kupirirawa ine amandidetsa nkhawa akamatuluka m'kamwa mwa akuluakulu, chifukwa nthawi zambiri amakhala ngati madzi osambira m'manja. Mwana sapirira yekha ngati mwala. Ukayang'anitsitsa mwana aliyense amene wakwanitsa kufika sitandade 8 kuchokera m'chipinda cha lendi, upeza kuti kumbuyo kwake kuli anthu ndi zinthu zoti ukhoza kuzitchula. Pali agogo akumudzi amene amatumiza kathumba ka makaka ndi nandolo pa kabaza. Pali mayi woyandikana naye nyumba amene amati, "Bwera udye kuno, amako achedwa," poti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pali banki mkhonde, kumene amayi amasonkha sabata ndi sabata n'kumabwerekana, imene yapulumutsa ambiri ku katapila ngakhale kuti nayonso yalanditsa ena ziwiya. Pali amayi a Mvano, a Dorika kapena a ku mzikiti amene amasonkherana yunifolomu. Pali mphunzitsi amene amadziwa chifukwa chake mwanayu amasinza m'kalasi, n'kusankha kusamukwapula. Chimodzi mwa zimenezi chikachoka, kulimba mtima kuja sikukhalitsa.

Ndipo apa ndi pamene kukhala pakati pa mudzi ndi mzinda kumapweteka. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, amasankha mabanja ovutikitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito, pafupifupi khumi mwa mabanja 100 aliwonse. Mayi wotchola tiyi ali ndi mphamvu, ndiye kawirikawiri salowamo, ngakhale miyezi ina alibe ntchito. Feteleza wotsika mtengo ndi wa amene ali ndi munda. Ndalama zimene boma linagawa nthawi ya Covid-19 kwa anthu a m'matauni zinapita ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Ndiponso mayina a olandira thandizo amadutsa kwa mafumu ndi makomiti a m'midzi, pamene wa lendi ndi wobwera: kumudzi kwawo amati anasamuka, kumene akukhala amati si wakuno. Mwana wake akachitidwa nkhanza, pali nambala yaulere ya 116, pali ofesi yothandiza ozunzidwa ku polisi, pali a zachisamaliro cha anthu pa boma. Zonsezi zimagwira ntchito pokhapokha pakapezeka wamkulu wina woti amve ndi kuyenda naye mwanayo, ndipo m'dera limene anansi amasintha mwezi ndi mwezi munthu woteroyo sapezeka msanga.

Dzuwa likalowa kuseri kwa minda ya tiyi, minibasi zimayamba kuchepa pa siteji. Mtsikana wa sitandade 5 uja amawerenga ndalama zake kawiri, amazimanga pa nsonga ya chitenje, n'kudutsa pa okala kugula wokumani ndi kamulu ka makala monga anamuuzira mayi ake m'mawa. Mazira awiri atsala, ndipo amenewo ndi ndiwo za lero, agawana anthu anayi. Akatha kudya amatulutsa kope n'kulemba ntchito ya kusukulu ndi tochi ya foni ya mayi, msangamsanga, batire lisanathe, poti kutchajitsa nakonso n'kolipira. Pomaliza amatsuka kapu yake yapulasitiki, ija anaimanga kachingwe kuti isasowe, n'kuiika pamwamba pa makope pafupi ndi chitseko.